Kutumiza maluwa m'tauni yaing'ono ya ku England: mawu kwa abale amene mwangofika kumene

Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku England, makamaka inu amene ntchito yakuponyani m'matauni ang'onoang'ono kutali ndi London, Manchester kapena Leeds, ndikufuna tikambirane nkhani imene mungaione ngati yachabechabe lero, koma idzakupezani chaka chanu choyamba chisanathe. Tsiku lina mnzanu wa kuntchito adzachira ndi mwana, kapena mwini nyumba imene mukuchita lendi adzagonekedwa m'chipatala, kapena mayi woyandikana nanu, amene anakuphunzitsani tsiku lotulutsa zinyalala kumsewu, adzaferedwa mwamuna wake, ndipo mudzaima pakhomo panu n'kudzifunsa kuti kodi anthu akuno amatani zikatere. Kwathu funso limeneli silivuta. Timanyamula ufa m'beseni, shuga, sopo, mwina nkhuku, n'kupita tokha kukakhala pamphasa, ngakhale tisanene zambiri, chifukwa kufika kwathuko ndiye mphatso yaikulu. Kuno khomo la munthu silitseguka popanda kupangana, ndipo pa nthawi ya matenda kapena ya chisoni ndi pamene anthu ambiri amafunitsitsa kusiyidwa okha. Chimene chimaloledwa kufika pakhomo nthawi ngati imeneyo ndi mtolo wa maluwa ndi kakadi kolembapo mawu ochepa.

Ndiye ndikupemphani kuti maluwawa muziwaona ngati mthenga amene mwamutuma m'malo mwanu. Kwathu sitituma mwana popanda kumuuza kuti akupita kwa yani, adzere njira iti, akafike nthawi yanji, ndipo akanene chiyani. Zolakwika zonse zimene ndaziona pa nkhaniyi, zanga zomwe, zinabwera chifukwa chimodzi mwa zinthu zimenezi sichinalongosoledwe.

Ine ndakhala zaka zoposa khumi m'dera la Spalding, ku Lincolnshire, kum'mawa kwa England. Ndi dziko lathyathyathya lopanda ndi kaphiri komwe, limene kale linali dambo ndipo analiumitsa pokumba ngalande zikuluzikulu. Boma lake limatchedwa South Holland, ndipo anthu ake amalima ndiwo zamasamba, mbatata ya kachewere ndi maluwa, makamaka a daffodil ndi tulip. Tauni ya Spalding inatchuka ndi chionetsero cha magalimoto ovekedwa maluwa a tulip, chimene chinayamba mu 1959, chinaima mu 2013, n'kudzayambiranso mu 2023. Ntchito yanga yoyamba inali m'nyumba yolongedzeramo maluwa opita ku masupamaketi. Tinkaima m'mbali mwa lamba woyenda titavala majekete awiri chifukwa cha kuzizira, kuwerenga mapesi, kuwalinganiza mitu, kumanga ndi kalabala, kuveka pulasitiki, kumata kapepala ka mtengo, n'kuika m'ndowa ya madzi. Zala zinkachita dzanzi ndipo minga ya rozi inkaboola magolovesi. Pa makatoni panali mayina a Kenya, Ethiopia, Colombia ndi Netherlands, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti rozi wambiri amene mumamuona m'sitolo mwezi wa February wamera m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya, wakwera ndege usiku, ndipo wina wadzera kumsika waukulu wa maluwa wa Aalsmeer, pafupi ndi Amsterdam. Zambia ndi Zimbabwe nawonso akhala akulima maluwa ogulitsa ku Ulaya. Pambuyo pake ndinayamba ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo kumeneko ndinaona mbali inayo, ya maluwa akamafika kwa munthu, momwe ena amawalandirira ndi misozi ndi momwe ena amabwezedwera pakhomo.

Ulendo wanga woyamba wotumiza maluwa unalephereka, ndipo ndiufotokoza chifukwa muli zolakwika ziwiri zimene obwera kumene amachita kawirikawiri. Mayi wachikulire woyandikana nane anagwa pamasitepe n'kuthyoka chiuno. Mayi ameneyu ndi amene ankandilandirira makalata ndikakhala ku shifiti, ndipo m'nyengo yanga yoyamba ya chisanu anandipatsa bulangete lake. Ndinalemba pa foni dzina la tauni imene kunali chipatala pamodzi ndi mawu oti maluwa, n'kutsegula tsamba loyamba limene linatuluka. Tsambalo linali ndi dzina la tauniyo pamwamba, chithunzi cha mtolo waukulu wokongola, ndi lonjezo loti akapereka tsiku lomwelo. Ndinalipira ndalama zimene pa nthawiyo zinali pafupifupi malipiro a tsiku langa lathunthu. Madzulo ndinalandira uthenga woti wodi imene anagonekedwamo silola maluwa, ndipo dalaivala wabwerera nawo. Patapita masiku awiri anawasiya pakhomo pa nyumba ya mayi uja pamene panalibe munthu, ndipo nditawatola ndinapeza kamtolo kochepa kwambiri poyerekeza ndi ka pachithunzi, katayamba kale kuweramitsa mitu. Nditafufuza ndinazindikira kuti tsambalo silinali la shopu ya m'tauni imeneyo. Anali anthu a kutali amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa maoda pa intaneti, kudulapo gawo lawo, n'kupereka zotsalazo kwa wogulitsa maluwa weniweni, amene amapanga mtolo wolingana ndi ndalama zimene zamufikira.

Masamba oterewa alipo ambiri, ndipo amatchula tauni iliyonse ya m'dziko muno ngati kuti ali ndi shopu pamenepo. Njira yowazindikirira ndi yosavuta. Yang'anani ngati alemba adiresi ya msewu m'tauniyo, ndipo muione pa mapu a Google kuti pali shopu yokhala ndi chitseko ndi zenera. Yang'ananinso nambala ya foni: ya shopu yeniyeni imayamba ndi manambala a dera, monga 01775 kuno ku Spalding, pamene ya osonkhanitsa maoda imakonda kukhala ya dziko lonse. Mukapeza shopu yeniyeni, imbani foni, ndipo ngati ili pafupi pitani nokha. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timaopa foni miyezi yoyamba chifukwa Chingerezi cha kuno chimathamanga ndipo chimameza mawu, koma wogulitsa maluwa wa m'tauni yaing'ono ndi munthu wozolowera kulankhula ndi anthu olira, osokonezeka ndi amanyazi, ndipo sadzakufulumizitsani. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Shopu imene ndakhala ndikupitako kuyambira nthawi imeneyo ndi kachipinda kozizira, konunkhira masamba onyowa, ndowa zitandandalikidwa pansi ndipo mwini wake ataima kuseri kwa tebulo ndi lumo m'thumba la epuloni. Tsiku loyamba ndinalowa nditaloza kale maluwa oyera aakulu otchedwa lily, chifukwa ankaoneka aulemu. Mayiyo sanawagwire. Anayamba wandifunsa kuti akupita kwa yani, chachitika n'chiyani, munthuyo ndi wamsinkhu wanji, ndipo pomaliza anafunsa ngati m'nyumbamo muli mphaka. Ndinadabwa ndi funso la mphakalo, koma anandifotokozera kuti lily ndi poizoni kwa mphaka, moti ngakhale kaufa kachikasu ka m'duwamo kakagwera pa ubweya wake iye n'kudzinyambita, impso zake zimaonongeka ndipo akhoza kufa. Mayi woyandikana nane uja anali ndi amphaka awiri amene ankawatenga ngati ana ake. Musaipeputse nkhani imeneyi poganiza za mphaka wa kwathu wogwira makoswe kunkhokwe, chifukwa kuno chiweto cha m'nyumba ndi wachibale, ndipo munthu wokalamba wokhala yekha sangakukhululukireni msanga. Kuwonjezera apo, lily ali ndi fungo lamphamvu limene limavutitsa odwala mphumu, ndipo kwa anthu ambiri achikulire ndi duwa la maliro.

Kwa wogulitsa wotere musachite manyazi kutchula ndalama zimene muli nazo. Nenani poyera kuti muli ndi £30 kapena £40 pamodzi ndi ndalama yokaperekera, ndipo mumusiye asankhe zimene zili zabwino tsiku limenelo. Monga ndaonera ine, mtolo wabwino wa m'shopu umayambira pa £30 mpaka £50, ndipo yokaperekera imakhala pakati pa £5 ndi £10 malinga ndi kutalika kwa mudzi. Maluwa a m'nyengo yake amatsika mtengo ndiponso amakhalitsa: daffodil ndi tulip kuyambira January mpaka April, peony mu May ndi June, mpendadzuwa ndi dahlia chakumapeto kwa chilimwe. Pemphaninso kuti mtolowo aumangire m'thumba la madzi ndi kuuika m'kabokosi kake, kuti wolandirayo asavutike kufunafuna choikamo. Zimenezi n'zofunika kwambiri kwa mayi amene wangochira kumene, kwa wodwala, ndi kwa ofedwa, amene sabata yoyamba amalandira mitolo yambiri mpaka mitsuko ndi mabotolo onse a m'nyumba kutha.

Ngati munthuyo ali kutali ndi kumene mukukhala, njira zilipo ziwiri zodalirika. Ina ndi kudzera ku mgwirizano wa ogulitsa maluwa monga Interflora, umene umalandira oda yanu n'kuipereka ku shopu ya pafupi ndi wolandira, ndipo mtolo umapangidwa pamanja tsiku lomwelo. Werengani mawu aang'ono a m'munsi, chifukwa pafupifupi onse amadzipatsa ufulu wosintha duwa lina ndi lina la mtengo wofanana ngati limene munasankha lasowa. Inayo ndi ya maluwa a m'bokosi lopyapyala lokwana kulowa pa kabowo ka makalata ka pachitseko, imene inatchuka ndi kampani ya Bloom & Wild, yomwe inayamba mu 2013, ndipo masiku ano masitolo akuluakulu monga Marks & Spencer nawonso amatumiza maluwa m'mabokosi. Ubwino wake ndi wakuti sipafunika munthu wotsegula chitseko. Koma maluwa otere amafika asanamasule, atafota pang'ono ndi ulendo, ndipo wolandirayo ayenera kuwadula, kuwakonza ndi kuwaika m'madzi yekha. Kwa mnzanu wachinyamata zimenezi n'zosangalatsa. Kwa agogo a manja onjenjemera ndi ntchito imene mwawapatsa, ndipo kuntchito kwathu ndaona mabokosi otere atakhala patebulo mpaka wantchito atapeza mpata wowatsegula.

Musaiwale kuti pali njira yachitatu imene ili pafupi kwambiri ndi khalidwe lathu. Ngati munthuyo ndi wa msewu wanu womwewo, gulani mtolo ku Tesco, Aldi kapena Lidl, chotsani kapepala ka mtengo, lembani kadi ndi dzanja lanu, mukagogode, mupereke, munene mawu awiri, n'kubwerera osadikira kuti akulowetseni. Palibe amene adzakunyozeni chifukwa mtolowo ndi wa £5. M'miyezi ya February ndi March kamtolo ka daffodil kamagulidwa pa £1 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndaona nkhope za anthu okalamba zikuwala chifukwa cha iko kuposa chifukwa cha rozi wodula, popeza kwa iwo duwa lachikasu limeneli ndi umboni wakuti chisanu chatha ndipo achionanso chaka china.

Tsopano za njira ya mthenga wanuyo. M'matauni ang'onoang'ono ndi m'midzi ya kuno nyumba zambiri zilibe nambala, zili ndi mayina okha, ndipo dzina limodzi likhoza kupezeka kawiri m'midzi iwiri yoyandikana. Postcode, zilembo ndi manambala a pa adiresi osonyeza dera, ndi yofunika, koma kumidzi postcode imodzi imatha kutenga msewu wautali wa m'mbali mwa ngalande, nyumba zake zitatalikirana ngati midzi ya kwathu, moti dalaivala wochokera kutali amayendayenda mpaka kutopa. Wogulitsa wa m'deralo amadziwa kuti nyumba yakutiyakuti ili kuseri kwa tchalitchi ndipo chitseko chakutsogolo sichitsegulidwa, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimamukondera. Perekani dzina lonse la wolandira, dzina kapena nambala ya nyumba, msewu, mudzi, postcode, ndi nambala yake ya foni. Nenani malo amene angasiye ngati sapeza munthu, kaya kwa woyandikana naye kapena pakhonde lobisika. Ngati mukutumizira mnzanu amene amakhala m'nyumba ya anthu ambiri, monga momwe ambiri a ife timayambira, tchulani nambala ya chipinda, ndipo ngati amagwira shifiti ya usiku pemphani kuti akafike madzulo, chifukwa belu la 10 koloko m'mawa kwa munthu amene wagona 8 koloko si mphatso.

Pa nthawi, dziwani kuti shopu zing'onozing'ono zimatseka 5 koloko madzulo kapena isanakwane, Loweruka zina zimatseka masana, ndipo Lamlungu ndi masiku a tchuthi zambiri sizitsegula ndiponso sizikapereka. Mukafuna kuti maluwa afike tsiku lomwelo, imbani m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu. Masiku awiri pachaka ndi amene mitengo imakwera ndipo malo amatha msanga: la 14 February, ndi tsiku la amayi la kuno, limene amalitcha Mothering Sunday. Limeneli limasokoneza obwera kumene chifukwa silikhazikika. Limagwa Lamlungu lachinayi la nyengo ya Lenti, masabata atatu Pasaka isanafike, moti mu 2024 linali pa 10 March, mu 2025 pa 30 March, ndipo mu 2026 pa 15 March. Ku Malawi tsiku la anakubala ndi 15 October, pamene ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ndi Lamlungu lachiwiri la May. Ngati muli ndi apongozi akuno, kapena mayi wina amene wakutengani ngati mwana wake kutchalitchi, lembani tsikuli pa kalendala ndipo muitanitse maluwa sabata imodzi lisanafike. Ife a m'nyumba yolongedzera tinkagwira ntchito usana ndi usiku sabata imeneyo, ndipo ndikudziwa momwe zinthu zimathamangitsidwira pa masiku omaliza.

Za chipatala ndanena kale zimene zinandichitikira. Mawodi ambiri a zipatala za kuno salola maluwa, makamaka a odwala mwakayakaya, a khansa, ndi a amene achitidwa opaleshoni, pa zifukwa za majeremusi a m'madzi okhalitsa, kuchepa kwa malo pambali pa bedi, ndi kuopa kuti madzi angatayikire pa zipangizo zamagetsi. Imbirani wodiyo mufunse, kapena dikirani kuti wodwalayo atuluke, pajatu kuno anthu amatulutsidwa msanga. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ali kunyumba, pamene achibale abwerera kuntchito ndipo nyumba yati zii, ndi pamene maluwa amagwira ntchito yake bwino. Ndinaphunziranso kwa anamwino achikulire ndi kwa agogo ena amene ndinkawasamalira kuti kusakaniza maluwa ofiira ndi oyera okhaokha mu mtolo umodzi amakuona ngati malodza, chifukwa kumawakumbutsa magazi ndi mabandeji. Achinyamata sazidziwa zimenezi, koma mayi wina wa zaka zoposa 90 anakana kugona mpaka titautulutsa mtolo wotere m'chipinda chake.

Maliro ndi pamene pafunika kusamala koposa, chifukwa mwambo wa kuno ndi wosiyana kwambiri ndi wathu. Kwathu munthu akamwalira timasonkhana tsiku lomwelo, timagona pasiwa, timaimba usiku wonse, ndipo pa tsiku loika m'manda magulu amaitanidwa kukayala nkhata mmodzimmodzi. Kuno mwambo wa maliro umachitika patapita masabata awiri kapena atatu, nthawi zina kuposa apo, anthu ambiri amaotchedwa m'malo moikidwa m'manda, ndipo zonse zimayendetsedwa ndi kampani yokonza maliro. Musanagule nkhata, werengani chidziwitso cha malirowo, chimene chimaikidwa pa tsamba la kampaniyo kapena mu nyuzipepala ya m'deralo. Kawirikawiri mudzapeza mawu akuti "family flowers only", ndipo tanthauzo lake ndi lakuti maluwa a pabokosi ndi a banja lokha, enanu mupereke ndalama ku bungwe lachifundo limene banjalo latchula, mwina lofufuza za khansa, losamalira odwala matenda a kuiwala, kapena nyumba imene inamusamalira masiku ake omaliza. Pakhomo la tchalitchi kapena la malo ootcherako pamakhala kabokosi koponyamo. Chimenechi ndiye chipepeso chawo, ndipo £10 m'kabokosimo imalemekezedwa kuposa nkhata imene sanaipemphe. Ngati maluwa aloledwa, amatumizidwa ku kampani yokonza maliro m'mawa wa tsikulo, osati kunyumba, ndipo wogulitsa wa m'tauni amadziwa nthawi yake chifukwa amagwira nawo ntchito sabata iliyonse. Maluwa opepesa ofedwa ndi nkhani ina: amenewo amapita kunyumba masiku oyambirira, a mitundu yofatsa, ndi kadi. Ine ndimakonda kudikira mpaka mwambo utadutsa ndi masabata awiri, pamene mitolo yonse yoyamba yafota ndipo anthu asiya kuimba foni.

Kumbukiraninso kuti si onse okhala m'matauni amenewa amene ali Angerezi. Kuno ku Lincolnshire kuli anthu ambiri ochokera ku Poland, Lithuania ndi Latvia, amene anabwera mayiko awo atalowa mu European Union mu 2004, ndipo ambiri a inu mudzagwira nawo ntchito. Kwa iwo chiwerengero cha maluwa chili ndi tanthauzo: kwa munthu wamoyo amapereka atatu, asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo chiwerengero chogawika pawiri ambiri amachisungira maliro. Duwa la chrysanthemum, limene m'supamaketi ndi lotchipa ndiponso lokhalitsa, kwa anthu a ku Poland ndi la kumanda, limene amaika pa manda a abale awo pa 1 November. Ayuda satumizirana maluwa pa maliro, ndipo kwa Asilamu ndi bwino kufunsa wachibale kaye. Rozi wofiira ndi wa chikondi cha mwamuna ndi mkazi basi. Mnyamata wina wa kwathu, wamakhalidwe abwino, anatumiza rozi wofiira khumi ndi awiri kwa mayi wapabanja amene anamuphunzitsa ntchito, pofuna kuthokoza, ndipo zinatengera akuluakulu a pantchito kukhala pansi kuti nkhaniyo imveke bwino. Pothokoza sankhani achikasu, ofiirira pang'ono, kapena osakaniza.

Inu amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, pali lamulo la pantchito limene muyenera kuliwerenga. Malo ambiri otere ali ndi ndondomeko yoletsa kapena yochepetsa mphatso pakati pa wantchito ndi amene akumusamalira, pofuna kuteteza anthu osatha kudziteteza. Ngakhale mtima wanu uli woyera, kutumiza maluwa panokha kunyumba ya banja la agogo amene amwalira m'manja mwanu kukhoza kukuikani pa mlandu, makamaka ngati adiresiyo mwaitenga m'mafayilo a kuntchito. Funsani a manijala. Nthawi zambiri nyumbayo imatumiza maluwa m'dzina la antchito onse, ndipo envelopu imazungulira kuti aliyense aponyemo £2 kapena £5 ndi kusaina kadi imodzi. Envelopu imeneyi ikafika kwa inu musaidumphe, ngakhale muponye zochepa, pakuti kupatsa n'kuika, ndipo tsiku limene uthenga woipa udzakufikani kuchokera kumudzi idzazungulira chifukwa cha inu.

Mawu a pakadi akhale ochepa. Ife tinazolowera kalata yoyamba ndi moni wautali ndi mavesi, koma kakadi ka wogulitsa maluwa ndi kochepa ngati chikhatho cha mwana, ndipo anthu akuno amamva kutentha kwa mtima m'ziganizo ziwiri. Nenani kuti mukuwaganizira, tchulani chinthu chimodzi chabwino chimene munthuyo anakuchitirani, n'kulemba dzina lanu. Mawu a Mulungu alembeni kwa amene mukudziwa kuti ndi opemphera, chifukwa ambiri kuno sapita kutchalitchi. Musaiwale kusaina, ndipo ngati wolandirayo sakudziwani bwino, onjezerani kuti ndinu wa nyumba nambala yakuti, popeza wogulitsa sangaulule dzina la wotumiza popanda chilolezo chake, ndipo maluwa opanda dzina amaopsa mayi wokhala yekha. Kadiyo imalembedwa ndi wogulitsa, choncho mayina athu muwatchule chilembo chimodzichimodzi, ndipo ngati uthenga uli m'Chichewa utumizeni pa imelo kapena mukaulembe nokha m'shopumo.

Zikalakwika, muli ndi ufulu, koma dziwani malire ake. Lamulo la Consumer Contracts Regulations la 2013 limapatsa wogula pa intaneti masiku 14 osinthira maganizo, koma silikhudza katundu woonongeka msanga ngati maluwa, moti simungabweze chifukwa choti mwaganiza zina. Komabe lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu akhale wabwino ndiponso wofanana ndi momwe anafotokozedwera. Ngati afika ofota, ochepa kwambiri, kapena sanafike pa tsiku limene munagwirizana, pemphani wolandirayo ajambule chithunzi tsiku lomwelo, lemberani wogulitsa mwaulemu, ndipo pemphani kuti atumize ena kapena abweze ndalama. Akakana, banki yanu ikhoza kukuthandizani kubweza ndalama zimene munalipira ndi khadi, ndipo bungwe la Citizens Advice limapereka malangizo kwaulere. Pachifukwa chimenechi lipirani ndi khadi, osati kutumiza ndalama mwachindunji ku akaunti ya munthu amene mwangomuona pa Facebook.

Nanunso tsiku lina mudzalandira. Dulani mapesi mopendeketsa, chotsani masamba amene angamire m'madzi, thirani kapaketi ka chakudya cha maluwa kamene kamabwera nawo, ndipo muwaike kutali ndi rediyeta yotenthetsera nyumba ndi mbale ya zipatso, chifukwa nthochi ndi maapulo zimatulutsa mpweya umene umawafotetsa msanga. Daffodil musamusakanize ndi ena atangodulidwa kumene, pakuti utomoni wake umawaononga. Ndipo tumizani uthenga wothokoza tsiku lomwelo, chifukwa wotumizayo amakhala akudikira kudziwa ngati afika.

Zonse ndanenazi ndi za anthu amene tawapeza kuno. Pakati pa ife tokha mtolo wa maluwa sukwanira, ndipo ndimamva chisoni ndikaona ena a ife, titakhala zaka zingapo, tayamba kutumizirana maluwa pamene tikanafika tokha. Amayi anu ku Ntcheu kapena ku Mchinji, pa 15 October, adzasangalala ndi chitenje, shuga ndi ndalama ya feteleza pa Airtel Money kapena Mpamba, pamodzi ndi mawu anu pa foni, ngakhale kuti ku Lilongwe ndi ku Blantyre ogulitsa maluwa alipo kwa amene akuwafuna. Ndipo mnzathu wa kwathu akamva kuti bambo ake amwalira kumudzi, iye ali m'kachipinda ka lendi ndipo tikiti ya ndege sangaikwanitse, timasonkha chipepeso, timasinthana mashifiti, ndipo timapita kukakhala naye pansi mpaka maliro ataikidwa kwathuko, tikuonera limodzi pa foni. Mwezi wa November wapitawu zinagwera mlongo wina wa ku Peterborough. Ndinatuluka ku shifiti ya usiku, ndinaika m'chikwama ufa, nyemba, mpoto waukulu ndi chitenje, n'kukwera sitima ya m'mawa ku Spalding, imene sitenga ndi theka la ola lomwe, ndipo nditafika ndinapeza amayi anayi atafika kale, nsapato zawo zili pakhomo.